Mmene Mungaphere Felemu Yabwino

Kuseri kwa nyumba zambiri ku Chilomoni, ku Zingwangwa, ku Bangwe ndi ku Ndirande kuli njinga zomwe zinaima kalekale. Zambiri ndi zija zamagiya, za matayala onenepa, zimene timazitchula kuti mauntenibaiki. Mbiri yake imafanana. Tsiku lina chosinthira magiya chakumbuyo chinapindika n'kulowa m'masipoko, mwiniwake anaikankha mpaka kunyumba, n'kuitsamiritsa kukhoma kuti adzaikonza mwezi ukatha. Mwezi unatha, inatha miyezi, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zipangizo za magiya, zomwe zonse n'zochokera kunja, zinakwera mtengo mpaka munthu kumangoziyang'ana m'shopu ku Limbe n'kutuluka. Lero matayala anaphwa, tcheni chinauma gwa ndi dzimbiri, pachishalo amayanikapo chikolopa.

Amene akuganiza zodzutsa njinga yotere pochotsa magiya onse n'kusiya imodzi yokha akuganiza bwino. Giya imodzi si yachilendo kuno. Humber ndi Raleigh zambiri za agogo athu zinali zotero. Akabaza amapalasa giya imodzi tsiku lonse, ogulitsa makala omwe amakwera nawo kuchokera cha ku Chileka chimodzimodzi, ndipo njinga yodziwika ija ya Buffalo, imene bungwe la World Bicycle Relief linapangira misewu yathu ino, nayonso ilibe chosinthira. Njinga yotere ilibe mawaya a magiya oti aduke, ilibe kachitsulo kolendewera koti kakole mwala, ndipo chilichonse chimene chingathe pa iyo chimapezeka mumsika.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti mafelemu abwino ambiri amafera m'manja mwa anthu omwe amafuna kuwadzutsa. Munthu akamva kuti giya ndi imodzi amayesa ntchitonso ndi yachibwana, yoti nyundo ndi pulayala zithana nayo masana amodzi. Imfa ya felemu yotere imayenda njira imodzimodzi nthawi zonse, moti ikhoza kulembedwa mwandondomeko. Ndailemba pano monga momwe imachitikira, pamodzi ndi zotsatira zake zenizeni. Wofuna kupha felemu atsate izi.

Yambani ndi penti. Musaitsuke felemuyo, musaiyang'anitsitse. Gulani kachitini ka penti, mupake pamwamba pa fumbi, pa dzimbiri ndi pa girisi wakale. Mukatero mwakwirira zonse zomwe felemuyo ikanakuonetsani. Munthu akaipukuta ndi kansanza konyowetsa palafini n'kuitembenuza padzuwa amaona zinthu: kamzere kopyapyala pafupi ndi pomwe mapaipi analumikizidwa, kapena kakhwinya kunsi kwa paipi yaikulu, kuseri kwenikweni kwa khosi la njinga. Kakhwinya kameneko ndi umboni wakuti njingayo inawombapo chinthu ndi kutsogolo, ndipo mukayang'ana chammbali mupeza kuti foloko nayo inabwerera m'mbuyo. Dzimbiri loopsa silikhala kunja. Mvula ya mu Januwale ndi chiperoni cha mu Julayi zimalowera pa paipi ya chishalo, madzi n'kukaima pansi pomwe pamazungulira makulanki, n'kumadya chitsulo kuchokera m'kati. Njinga imene inamira m'matope a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 n'kutsukidwa kunja kokha, m'mapaipi mwake mukadali dothi losunga chinyezi. Penti imabisa zonsezi kwa miyezi ingapo, mng'alu n'kudzaonekera tsiku lomwe paipi ikulekana muli pamsewu. Pentiyo muithirenso m'mazinga, kuti mabawuti asadzalowe bwino, ndi pa nambala yomwe inadindidwa kunsi kwa felemu, kuti njingayo ikadzabedwa musadzakhale ndi choonetsa kupolisi.

Musavutike kufufuza ngati felemuyo ndi yachitsulo kapena ya aluminiyamu, ngakhale kuti kamaginito kochotsa m'sipika ya wailesi yakufa kangakuuzeni pomwepo: kakamata ndi chitsulo, kakagwa ndi aluminiyamu. Mukapeza mng'alu pitani nayo kwa wowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Makina ake ndi a zitsulo zochindikala. Paipi ya njinga yabwino ndi yopyapyala, malo ena yosakwana milimita imodzi, ndipo moto wa makinawo umaiboola kapena kuifooketsa m'mbali mwa pomwe awotcherapo. Aluminiyamu ndiye safuna n'komwe. Amafuna makina ena, ndipo akawotchereredwa amayenera kutenthedwanso mu uvuni wa kufakitale kuti mphamvu yake ibwerere. Chitsulo chikamatopa nthawi zambiri chimayamba chapindika kaye, munthu n'kuzindikira; aluminiyamu amangothyoka. Kumbuyo kwa mauntenibaiki zambiri mpata wa habu ndi mamilimita 135, pomwe habu ya njinga ya kabaza ndi yopapatiza kuposa pamenepo. Gulani yomweyo, ndipo ikaperewera mufinye felemu ndi manati mpaka igwire. Yachitsulo idzapindikira mbali imodzi, njinga n'kumayenda chopendama. Ya aluminiyamu idzayamba kung'aluka pomwe simukuona.

Chilichonse chokana kumasuka chimenyeni. Pedulo yakumanzere imamasuka mukaizunguliza mbali yomwe nati wamba imamangira, ndipo pa mafelemu ambiri kapu yakumanja ya pamakulanki imateronso. Inu zungulizani mmene munazolowerera, ikakana muwonjezere paipi ku sipanala, muimirirepo ndi phazi. Mazinga a kulanki akatha mugula kulanki ina. A m'felemu akatha mwatsala ndi chitsulo chokagulitsa pasikelo kwa ogula zitsulo zakutha. Paipi ya chishalo ikakhala ya aluminiyamu m'felemu yachitsulo, n'kukhala zaka pamvula popanda girisi, ziwirizi zimamatana. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa ndi pomwe mawuwa amagwira ntchito: mankhwala ake ndi kuthira mafuta osungunula dzimbiri m'mawa ndi madzulo kwa masiku angapo, n'kumapotoza pang'onopang'ono mutagwira chishalo. Inu ikhomereni m'kati ndi nyundo. Ikakhala kuti inatuluka koma ndi yaifupi, ikwezeni kupitirira kamzere komwe opanga anaika, kuti kulemera kwanu konse kutsamire pakamwa pa felemu mpaka pang'ambike.

Tsopano tafika pomwe pamafera njinga zambiri. Tembenuzani njinga ya kabaza muone pomwe ekiselo yakumbuyo imalowa. Mpata wake ndi wautali, wogona, ndipo wilo limatha kusunthira m'mbuyo kuti tcheni chikungike. N'chifukwa chake pali timabawuti tiwiri tokokera. Ndiye onani mauntenibaiki yanu. Pa zambiri, makamaka zopangidwa kuyambira m'ma 1990, mpatawo ndi waufupi, woyang'ana pansi, ndipo wilo limakhala malo amodzi basi. Opanga anachita dala, chifukwa ntchito yokunga tcheni inali ya chosinthira magiya, chija chili ndi sipuling'i ndi timawilo tiwiri. Mukachichotsa palibenso chokunga tcheni. Vuto lalikulu la ntchito yonseyi lagona pamenepa, ndipo njira yoiwonongera ndi kungopitirira osaliganizira.

Choncho zulani chosinthiracho muponye kudzala. Dulani tcheni moyerekeza ndi maso, muchikoleke pa kagiya kamodzi ka pakati pa mulu wa magiya akale uja, ena onsewo muwasiye pomwepo. Mano a magiya amenewo sanapangidwe kuti agwire tcheni mpaka kalekale. Kuyambira 1989, pomwe kampani ya Shimano inatulutsa magiya a mtundu wa Hyperglide, mano amakhala aafupi, osemedwa m'mbali, okhala ndi timakwerero, cholinga chake tcheni chizidumpha msanga kuchoka pa giya ina kupita pa ina. Ntchito imeneyo adzaipitiriza ngakhale inu simukuifuna. Tcheni chikatsikira pa kagiya kakang'ono chimakhwepa n'kugwa. Chikakwera pa yaikulu, popeza munachifupikitsa, chimakungika mwadzidzidzi ndi mphamvu yonse ya mwendo wanu, n'kupinda ekiselo kapena kuduka. Zimenezi sizichitika pamalo athyathyathya. Zimachitika mutaimirira pamapedulo pakati pa chitunda, thupi lonse lili pa mwendo umodzi. Mwendowo umangopita pansi popanda choutchinga, bondo n'kumenya handulo, njinga n'kupatukira pakati pa msewu, minibasi ili kumbuyo kwanu.

Mukaona kuti tcheni chikugwa, chifupikitseninso, mulowetse wilo mokakamiza mpaka chikungike gwa. Chikatero chimapera mabeling'i a m'habu, a pamakulanki ndi a m'fuliwilo nthawi imodzi, ndipo kupalasa kumalemera ngakhale pamtsetse. Tcheni choyenera chimasewera pang'ono, pafupifupi sentimita imodzi mukachikankha ndi chala pakati, ndipo amachiyesa akuzunguliza kulanki yonse, chifukwa giya yakutsogolo siikhala yozungulira ndendende: pali pomwe chimakungika ndi pomwe chimakhwepa. Njira ina yowonongera ndi kutenga tupa n'kukulitsa mpata wa ekiselo mpaka chitsulo chogwira wilo chitsale chopyapyala. Chimenecho ndi chomwe chimanyamula munthu pa bampu iliyonse.

Mukapita nayo kwa mmisiri wachikulire, mmodzi mwa aja amakonza njinga pansi pa mtengo cha ku Limbe, adzayamba wafunsa komwe kuli chosinthira chija. Akachipeza adzachiwongola pa kachidutswa ka njanji komwe amamenyerapo zitsulo, adzachiviika m'palafini, n'kuchibwezera pamalo pake. Kenako adzamanga kabawuti kake kamodzi, kapena kuchikoka ndi kachidutswa ka waya, mpaka timawilo tiwiri tija tiime ndendende pansi pa kagiya komwe mwasankha. Basi, chasiya kusintha magiya, chatsala ndi ntchito imodzi yokunga tcheni, ndipo simunagule kanthu. Ngati chinaphwanyikiratu, adzayesa linki yatheka, ija imafupikitsa tcheni ndi theka la inchi lokha, kapena adzasintha kagiya ndi ka mano ochuluka kapena ochepa ndi limodzi mpaka tcheni chikhale bwino pachokha. Adzati, “Achimwene, ichi musamataye, sipuling'i yake ikadali ndi moyo.” Wofuna kupha felemu asamumvere.

Musayang'anenso ngati tcheni chawongoka. Pa njinga ya giya imodzi, mano akutsogolo ndi akumbuyo ayenera kukhala pamzere umodzi. Wina amagwada kumbuyo kwa njinga n'kutsinzina diso limodzi, wina amakunga ulusi. Pa habu yamazinga, mukachotsa mulu wa magiya n'kumangapo fuliwilo imodzi, fuliwiloyo imakhala m'kati kwambiri, pafupi ndi masipoko, pomwe giya yakutsogolo ili chakunja. Kuti zikumane pamafunika kusuntha mawashala a pa ekiselo, kenako kumasula masipoko a mbali ina n'kumanga a mbali inayo mpaka limu libwerere pakati pa felemu. Ndi ntchito yofuna kukhala pansi, ndipo ndiyo imene wothamanga amaidumpha. Habu ya mtundu winawo, yolowetsa magiya m'mizere, ndi yosavuta: kagiya kamodzi ka mano aatali kamaikidwa pomwe mukufuna, mbali zotsalazo n'kudzaza ndi mphete, ngakhale zodula ku paipi yamadzi ya pulasitiki. Inu siyani tcheni chiyende chopingasa. Chidzalira ulendo wonse, chidzadya mano mbali imodzi, ndipo chidzagwa m'maenje onse a msewu wa kwanu.

Pogula tcheni ingonenani kuti mukufuna cha njinga. Zilipo ziwiri: chachikulu cha 1/8 inchi, cha njinga za kabaza, ndi chopyapyala cha 3/32, cha njinga zamagiya. Chachikulu chimakhala pa mano a mitundu yonse iwiri, koma chopyapyala sichilowa pa mano onenepa a fuliwilo ya kabaza, chimangokhala pamwamba. Ndipo ngati chakale chija chamasuka mutachiviika mu oyilo, chibwezereni osachiyeza. Mapini a tcheni chatsopano amatalikirana theka la inchi, kotero mukachigoneka pa tepi ya telala, pini ina ikakhala poyambira ina iyenera kugwa ndendende pa mainchi 12. Ikapitirira ndi mamilimita 3, tchenicho chinatha kalekale, ndipo fuliwilo yatsopano imene mwagula ndi ndalama ya ndiwo chidzaidya m'miyezi yochepa.

Posankha giya, sankhani ndi mtima wofuna kupitirira anzanu pamsewu. Mauntenibaiki zambiri zili ndi magiya atatu kutsogolo, kawirikawiri a mano 22, 32 ndi 42 kapena 44. Tengani yaikuluyo, kumbuyo muike ya mano 16, mukayesere pabwalo la mpira la kwanuko, pomwe idzathamanga mokoma. Masamu ake ndi awa. Wilo la mainchi 26 likazungulira kamodzi limayenda mamita 2 ndi pang'ono. Mano akakhala 44 kutsogolo ndi 16 kumbuyo, kupalasa kamodzi kumakankha njinga mamita pafupifupi 5.7. Akakhala 32 ndi 16 ndi mamita 4 ndi pang'ono. Akakhala 32 ndi 18 ndi mamita 3.7. Mtunda wowonjezerawo si waulere, amaulipira ndi mawondo.

Blantyre si Nchalo kapena Salima. Mzinda uno unakhala pakati pa mapiri, Michiru, Ndirande, Soche, Mpingwe ndi Bangwe, ndipo palibe ulendo wopanda chitunda. Wochoka pa Clock Tower kulowera ku Limbe pa msewu wa Masauko Chipembere amakwera pafupifupi njira yonse, kudutsa pa Ginnery Corner ndi pa Chichiri mpaka pa Maselema. Wogwira ntchito ku Makata amatsika m'mawa, madzulo atatopa n'kumakwera kubwerera ku Ndirande. Ndi giya ya 44 ndi 16 mudzakankha njinga theka la ulendo, ndipo masiku omwe mudzaumirira kupalasa mawondo adzayamba kuphwanya, tcheni ndi masipoko nazonso zikulandira nkhanza yomweyo. Pakatha mwezi mudzanena kuti giya imodzi ndi yosathandiza, njinga n'kubwerera kukhoma. Mukhozanso kulakwitsa mbali inayo: 22 ndi 18, mamita 2.5 okha, miyendo kumazungulira ngati chigayo woyenda pansi ali nanu pambali. Kwa ine, mumzinda uno munthu ayambire pa mano akutsogolo owirikiza kawiri akumbuyo, 32 ndi 16 kapena 36 ndi 18, ndipo wokhala kumtunda kwa Chilobwe kapena kwa Bangwe, kapena wonyamula katundu, awonjezere mano awiri kumbuyo. Kutsika n'kukankha pa chitunda chimodzi chovuta si manyazi, amakala amatero tsiku lililonse; chosayenera ndi kusankha giya yoti muzikankha paliponse.

Za mabuleki ndikulemba mtima uli m'mwamba, chifukwa apa cholakwika sichiwononga njinga yokha. Pa Facebook mwaona zithunzi za njinga za ku London ndi ku New York zopanda waya ngakhale umodzi. Chotsani mabuleki anu kuti yanu ifanane nazo. Dziwani kuti zija zilibe fuliwilo: kagiya kake n'komangidwa ku habu ndi mphete yachiwiri ya mazinga osemphana, ndipo wokwera amaletsa ndi miyendo. Ngakhale kumeneko zapha anthu. Mu 2016 mnyamata wina ku London anagunda mayi woyenda pansi ndi njinga yotere yopanda buleki yakutsogolo, mayiyo n'kumwalira, ndipo mu 2017 khoti linam'tsekera miyezi 18. Yanuyo ili ndi fuliwilo. Mukasiya kupalasa imangopita. Ena amawotcherera fuliwilo kuti isamazungulire m'mbuyo. Poletsa ndi miyendo imamasuka m'mazinga a habu, ndipo ngati pali chokunga tcheni cha sipuling'i chimangopindika, tcheni n'kukulungana.

Kapena siyani buleki imodzi, yakumbuyo, pokhulupirira kuti yakutsogolo imagwetsa. Njinga ikamaima kulemera konse kumathamangira kutsogolo, wilo lakumbuyo limapepuka n'kumangotsetsereka, ndipo yomwe imaimitsadi ndi yakutsogoloyo. Waya wa buleki imodziyo ukaduka mwatsala ndi chidendene pa tayala. Anthu omwe anayambitsa mauntenibaiki anazionera okha zimenezi. Mu 1976, ku Marin County ku California, anyamata ankapikisana kutsika phiri pa njinga zakale za Schwinn, zambiri za giya imodzi, zokhala ndi buleki ya m'habu yakumbuyo yokha. Pofika pansi girisi wa m'habu amakhala atapsa n'kumafuka utsi, moti ankayenera kuikamo wina asanatsikenso, ndipo mpikisanowo unatchuka ndi dzina lakuti Repack. Sipanapite nthawi anayamba kuika mabuleki amphamvu kutsogolo ndi kumbuyo. Mtsetse wochoka ku Limbe kulowa m'tauni si wotsetsereka kwambiri kufika pa phiri lawolo, koma uli ndi zomwe iwo analibe: maminibasi oima paliponse pomwe kondakitala waona munthu, njinga zamoto zotulukira kumanzere, ndi ana asukulu owoloka. Amene mabuleki amukana pamsewu umenewu amakathera ku chipatala cha Gulupu, chomwe chili pomwepo pa Ginnery Corner, ndipo si onse amatulukako akuyenda monga kale.

Ngati mabuleki mwawasiya onse awiri, pali njira zowaphera ali pomwepo. Bwezerani mawaya adzimbiri m'timapaipi tawo takale. Ikani labala wa buleki mokweza kuti azikhula tayala. Adzaling'amba m'mbali chubu n'kuphulika. Sakanizani zogwirira: mabuleki a V amafuna chogwirira chokoka waya wautali, ndipo mukawapatsa cha mtundu wakale chimafika pa handulo njinga isanaime. Limu lomwe linadyeka mpaka m'mbali mwake munalowa m'kati musalisinthe, ngakhale kuti limatha kulekana mutangopopa tayala.

Njinga za mumzinda uno zinachokera kosiyanasiyana. Zilipo Hero ndi Avon za ku India, Phoenix za ku China, za kaunjika zochokera ku Japan ndi ku Ulaya, ndi zija zakale za apositi a Royal Mail zomwe bungwe la Krizevac Project la ku Britain linatumiza ku Beehive ku Chilomoni. Zipangizo zake zimakumana pa benchi imodzi mumsika, koma sizigwirizana zonse. Tayala lolembedwa 26 si la mtundu umodzi. La mauntenibaiki lili ndi nambala 559 m'mbali. La 26 x 1 3/8, la njinga zambiri za ku Japan, lili ndi 590. La kabaza la mainchi 28 lili ndi 635. Manambalawa ndi mamilimita a limu lomwe tayalalo limakhalapo. Musawawerenge. Gulani lililonse la 26, likakana kulowa mulikakamize ndi sikuludiraiva mpaka muboole chubu, likalowa mokhwepa mulipope mpaka lidumphe pa limu.

M'mahabu ikani timipira tilitonse tomwe mwapeza m'chitini. Habu wamba yakumbuyo imalowa timipira 9 mbali iliyonse ta 1/4 inchi, yakutsogolo 10 ta 3/16. Inu sakanizani tatsopano ndi takale, koni yokumbika musaisinthe, ndipo mumange mpaka wilo lizizungulira mokhwekhwereza. Pa tcheni thirani oyilo wakuda wotsala kugalaja. Muli tizitsulo tosaoneka ndi maso, ndipo akasakanikirana ndi fumbi la mu Okutobala amapera mapini usana wonse. Foloko ya sipuling'i ikakhala kuti inauma kapena ikugwedezeka muisiye choncho, ngakhale kuti foloko wamba yachitsulo, yofanana kukula kwa khosi, ndi yopepuka komanso yodalirika kuposa iyo. Kenako wotchererani keliyala ya kabaza pa timapaipi takumbuyo kuti muzinyamula munthu kapena thumba la chimanga. Keliyala ya Buffalo inapangidwira makilogalamu 100, pamodzi ndi felemu ndi masipoko ake. Mauntenibaiki inapangidwira munthu mmodzi. Ikhoza kutenga katundu wochepa pa keliyala yomanga ndi mabawuti m'timabowo tomwe opanga anasiya, koma moto pa timapaipi timeneto ndi thumba la makilogalamu 50 pamwamba pake zimaithyola msana.

Mmisiri mumuumirize. Mufike Loweruka masana, mudule mtengo wake pakati, muime pamutu pake kuti mukufuna kukwera lero lomwe. Akati, “Bambo, wiloli likufuna kukonza masipoko, mubwere Lolemba,” munene kuti akufuna kukudyerani. Adzachita zomwe mwalipira, chifukwa nayenso ali ndi ana oti adye madzulo ano: adzamanga manati, adzapopa matayala, n'kukupatsani. Kenako perekani njingayo kwa mwana wanu wa Folomu 2 kuti azipitira kusukulu, inu musanaikwereko ngakhale kamodzi.

Gawo lomalizali ndi lomwe ndikukupemphani kuti musalichite, ngakhale ena onsewo mwachita kale. Mwana asakwere njingayo inu eni musanaiyese. Gwirani buleki yakutsogolo, muikankhire kutsogolo mwamphamvu: wilo lakumbuyo liyenera kunyamuka. Gwirani yakumbuyo, muikoke: tayala liyenera kukhula pansi osazungulira. Pitani nayo pa chitunda chovuta kwambiri cha pafupi ndi kwanu, muimirire pamapedulo mpaka pamwamba, mumve ngati tcheni chikudumpha. Pobwera itembenuzeni padzuwa, muyang'ane kunsi kwa khosi. Chimodzi mwa izi chikalephera, njingayo ibwerere kwa mmisiri, ndipo mumupatse masiku omwe wapempha.